Yunivesite yayandikira, tsopano nkhani yatsala pa njira

TETE — Mwezi wa Febuluwale ukamayandikira, makolo ambiri a m'maboma a Angónia, Tsangano, Macanga ndi Chifunde amakhala pansi n'kuyamba kuwerengera. Mwana wakhoza mayeso olowera ku yunivesite. Pakufunika ndalama ya sukulu, ya lendi, ya ufa ndi ndiwo, ya mapepala. Ena amagulitsa mbatatesi, ena mbuzi, ena amatsegula nkhokwe nthawi yake isanakwane.

Pakuwerengera konseku pali chinthu chimodzi chomwe kawirikawiri chimaiwalika. Kodi mwanayo aziyenda bwanji tsiku ndi tsiku kuchoka pomwe akugona kukafika m'kalasi, n'kubwereranso madzulo?

Funsoli limaoneka laling'ono, koma ndi lomwe limadya ndalama mwakachetechete mwezi ndi mwezi. Ndi lomwe limachititsa wophunzira kufika mphunzitsi atayamba kale, kapena kujomba mvula ikagwa. Ndi lomwenso limaika moyo wake pa chiswe m'mbali mwa msewu wodutsa malole.

Zambiri zomwe zingathetse vutoli si zodula ngati kumanga mlatho. Ndi kanjira kouma ka oyenda pansi, ngalande, mthunzi, nyale, chitunda chochepetsa liwiro ndi chapa chobwera pa nthawi yodziwika. Zimenezi zikakhalapo, wopindula si wophunzira yekha. Mayi wopita ku msika ndi dengu pamutu amadutsa njira yomweyo.

Kale kunali kutali

Pamene pangano la mtendere linkasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, anthu a dziko lino oposa 1 miliyoni anali othawa nkhondo ku Malawi. Ambiri a iwo anali a m'maboma a m'malire. Anabwerera kwawo pakati pa 1993 ndi 1995, ena pa malole, ena wapansi, n'kupeza sukulu zitagumuka ndipo misewu itamera tchire.

Masiku amenewo wofuna maphunziro a ukachenjede ankayenera kupita kutali. Yunivesite ya Eduardo Mondlane, yomwe inayamba mu 1962 n'kupatsidwa dzina limeneli mu 1976, ili ku Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,500 kuchokera mu mzinda wa Tete. Mwana wa mlimi wa ku Dómuè kapena ku Furancungo ankangoimva pa wailesi.

Zinthu zinasintha. Mu 2005 boma linakhazikitsa Instituto Superior Politécnico de Tete, sukulu yodziwika ndi maphunziro a za migodi. Mu 2007 linakhazikitsa Universidade Zambeze, yomwe inayamba kuphunzitsa mu 2009. Likulu lake lili ku Beira, koma nthambi yake ya za umoyo ili mu mzinda wa Tete, ndipo ya za ulimi ili ku Ulónguè, m'boma la Angónia. Universidade Católica de Moçambique nayo ili ndi nthambi ku Tete. Mu 2019, pamene Universidade Pedagógica inagawidwa, kunabadwa Universidade Púnguè, yomwe ikugwira ntchito m'zigawo za Manica ndi Tete.

Choncho ana ndi adzukulu a anthu omwe anabwerera wapansi aja lero akuphunzira udokotala, ulimi, uphunzitsi ndi za migodi m'chigawo chawo chomwe. Ulendo wa masiku awiri unasanduka wa maola ochepa. Koma akuluakulu anati walira mvula walira matope. Sukulu ikabwera, imabwera ndi chikhamu cha achinyamata oyenda m'mawa uliwonse pa misewu yomwe inakonzedwa poganizira galimoto, osati mapazi.

Mzinda wogawika ndi mtsinje

Mzinda wa Tete unagawika pawiri ndi mtsinje wa Zambezi. Mbali ina kuli tauni yakale, komwe kuli maofesi ndi chipatala chachikulu cha chigawo. Kutsidya kuli madera monga Matundo ndi Chingodzi, komanso msewu wa N7 wopita ku Moatize ndi ku Zóbuè. Wophunzira wogona mbali ina n'kumaphunzira mbali inayo amawoloka mlatho wa Samora Machel kawiri pa tsiku.

Mlathowu unatsegulidwa mu 1973 ndipo ndi wotalika mamita oposa 700. Kwa zaka 40 unkanyamula chilichonse: malole opita ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, machapa, njinga ndi anthu oyenda pansi. Kenaka mgodi waukulu wa malasha wa ku Moatize unayamba kutulutsa malasha mu 2011, ndipo anthu anakhamukira mu mzindawu kudzafuna ntchito. Kalembera wa 2007 anapeza anthu pafupifupi 155,000 mu mzinda wa Tete. Wa 2017 anapeza oposa 300,000. Anthu anawirikiza kawiri m'zaka 10, koma misewu sinakule chimodzimodzi.

Mu Novembala 2014 kunatsegulidwa mlatho wa Kassuende, kumunsi kwa mzinda, kuti malole olemera azidzera kumeneko. Apa pali phunziro lomwe likugwiranso ntchito pa chipata cha sukulu iliyonse. Njira yotsimikizika yotetezera woyenda pansi ndi kumusiyanitsa ndi galimoto zolemera. Zikwangwani zochenjeza zimathandiza, koma sizingapose kupatula njira.

Mu Januwale 2022 namondwe wotchedwa Ana anagumula mlatho wa pa mtsinje wa Revúbuè, pakati pa Tete ndi Moatize. Mtunda wa makilomita pafupifupi 20 unasanduka ulendo wozungulira. Ogwira ntchito ndi ophunzira ogona ku Moatize anaona okha kuti kugona kutali ndi sukulu kuli ndi mtengo wake womwe suoneka pa tsiku lolipira lendi.

Palinso dzuwa. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha mu mzinda wa Tete kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri. Imeneyo ndi nthawi yomwe chaka cha maphunziro chimalowera ku mayeso omaliza. Kuyenda makilomita atatu masana pa msewu wopanda mtengo ndi ntchito yolemetsa. Wophunzira amafika m'kalasi mutu ukuwawa, ndipo mnzake wodwaladwala kapena woyembekezera amangotsala kunyumba.

Ku Ulónguè mdani ndi madzi

Ku mapiri a Angónia nkhani ndi ina. Ulónguè ili pamalo okwera, makilomita oposa 200 kuchokera ku Tete, ndipo kumagwa mvula yambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi. Chaka cha maphunziro a ku yunivesite chimayamba chakumapeto kwa Febuluwale kapena mu Malichi, nthaka ili chinyontho. Dothi lomwe limabereka chimanga, nyemba ndi mbatatesi ndi lomwelo limaterera pansi pa phazi ndi tayala la njinga.

Amisiri a misewu amadziwa kuti chomwe chimapha msewu msanga ndi madzi oima. Msewu wadothi umafunika kukhala wotukuka pakati, ngati msana wa ng'ombe, kuti madzi azitsetserekera m'mbali. M'mbalimo muzikhala ngalande, ndipo pomwe madzi akuyenera kudutsa msewu pazikhala chubu cha simenti pansi. Ngalande ikatsekeka ndi zinyalala kapena mchenga, madzi amakwera pa msewu, amafewetsa dothi, ndipo galimoto yoyamba kudutsa imasiya dzenje. Kukwirira dzenjelo ngalande isanatsegulidwe n'kutaya ndalama, chifukwa mvula yotsatira idzalikumbanso.

N'chifukwa chake ntchito yofunika kwambiri pa njira za ku sukulu imagwiridwa mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe, ndipo zida zake ndi khasu, fosholo ndi wilibala. Udzu wa vetiva, womwe alimi ambiri amaudziwa kale pa akalozera a m'munda, umagwira dothi la m'mbali mwa ngalande kuti lisakokoloke.

Ku Ulónguè kumadutsanso msewu wa N304, wochokera ku Mussacama kupita ku chipata cha Calómuè, moyang'anizana ndi Dedza. Pa msewuwu pamadutsa malole a mtunda wautali. Pomwepo pamadutsanso njinga zonyamula matumba, ngolo za ng'ombe, njinga zamoto ndi ana a sukulu. Onsewa amalimbirana phula limodzi.

Masamu a chapa

Dzina loti chapa linachokera ku Maputo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, pamene galimoto za anthu wamba zinayamba kunyamula anthu pa mtengo umodzi wa meticais 100 za nthawi imeneyo. Anthu ankati chapa cem. Ndalamayo inasinthidwa mu 2006, koma dzina linatsala.

Mtengo wa chapa si nkhani yamasewera m'dziko muno. Pa 5 Febuluwale 2008 anthu a ku Maputo anatseka misewu pokwiya ndi kukwera kwa mtengowu, mpaka boma linabweza ganizo lake. Kwa munthu wolandira zochepa, ndalama yokwerera imalimbana ndi ndalama ya chakudya. Wophunzira wochokera kumudzi ali m'gulu limeneli.

Nachi chitsanzo chongoyerekeza. Ngati ulendo umodzi uli meticais 15, ndipo wophunzira akukwera machapa awiri popita ndi awiri pobwerera, ndiye kuti pa tsiku akulipira meticais 60. Pa masiku 22 a sukulu m'mwezi, ndalamayo ikukwana meticais 1,320. Pa miyezi 9 ikufika meticais 11,880. Kholo lomwe linasankha chipinda chakutali chifukwa n'chotsika ndi meticais 500 pa mwezi lapulumutsa 500 n'kutaya 1,320. Mitengo imasiyana malo ndi malo ndipo imasintha, koma kawerengedwe kake n'komweko.

Palinso khalidwe lomwe okwera machapa m'mizinda ya dziko lino amalidandaula kuyambira kale, lodula ulendo pakati. Cobrador amaitanira anthu theka la njira, kenaka galimoto yomweyo imayambanso kuitanira theka lotsalalo, ndipo wokwera amalipira kawiri. Zimenezi zimachitika kwambiri m'mawa ndi madzulo, nthawi yomwe anthu ali ambiri pa paraje ndipo alibe chosankha.

Vuto lina ndi loti chapa sichinyamuka chisanadzaze. Mwini galimoto amafuna ndalama yake ya tsiku, ndipo dalaivala ndi cobrador amadya zotsala. Choncho m'mawa amathamanga kuti achite maulendo ambiri, masana amadikira nthawi yaitali, ndipo usiku anthu akachepa amakaimika galimoto. Ovutika kwambiri ndi ophunzira a usiku, a maphunziro omwe pa Chipwitikizi amatchedwa pós-laboral. Ambiri a iwo ndi aphunzitsi, anamwino ndi alembi omwe amagwira ntchito masana. Akamatuluka m'kalasi, mdima wagwa kale ndipo paraje pali zii.

Komabe vutoli lili ndi pogwira. Yunivesite imadziwa chiwerengero cha ophunzira ake, nthawi yomwe amalowa ndi nthawi yomwe amatuluka. Itati ifunse aliyense pa tsiku lolembetsa dera lomwe akugona, ingathe kuuza bungwe la eni machapa kuti pa ola lakuti, pa chipata chakuti, pazikhala anthu okwana kudzaza galimoto zingapo zopita kwakuti. Dalaivala wotsimikiza kuti apeza anthu sangakane kubwera. Pangano lotere silifuna simenti kapena phula. Limafuna msonkhano, pepala ndi munthu mmodzi woliyang'anira.

Kusiyanitsa nthawi yoyambira makalasi kumathandizanso. Onse akamayamba 7 koloko, onse amalimbirana galimoto zomwezo ndi ogwira ntchito. Ena atayamba theka la ola pambuyo pake, galimoto zomwezo zinganyamule anthu ambiri popanda kuwapanikiza ngati matumba.

Liwiro ndi lomwe limapha

Bungwe la za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza mu 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamsewu chaka chilichonse. Linatinso ngozi zimenezi ndi zomwe zikupha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29. Umenewu ndi msinkhu wa ophunzira. Poyerekeza ndi kuchuluka kwa anthu, Africa ndi yomwe ikutaya miyoyo yambiri, ngakhale ili ndi galimoto zochepa.

Lamulo la pamsewu la dziko lino, la 2011, limalola galimoto zing'onozing'ono kuthamanga mpaka makilomita 60 pa ola m'malo okhala anthu. Koma galimoto yothamanga choncho imayenda mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Dalaivala akaona munthu, asanaponde n'komwe buleki, mamita amenewo apita kale. Pa makilomita 30 pa ola, imayenda mamita 8 okha. Komanso liwiro likawirikiza kawiri, mtunda wofunika kuti galimoto iime buleki itapondedwa umawirikiza kanayi.

Malinga ndi WHO, mwa anthu 10 ogundidwa ndi galimoto yoyenda makilomita 30 pa ola, pafupifupi 9 amapulumuka. Liwiro likapitirira makilomita 45, opulumuka safika theka. N'chifukwa chake msonkhano wa maiko wa ku Stockholm mu 2020 unalimbikitsa liwiro la makilomita 30 pa ola paliponse pomwe galimoto zimasakanikirana ndi anthu oyenda pansi ndi a njinga. Chipata cha sukulu ndi malo oterowo.

Chikwangwani chokha sichichepetsa liwiro, makamaka wapolisi akachoka. Chomwe chimagwira ntchito usana ndi usiku ndi lomba, chitunda chopingasa msewu, chomangidwa bwino, chopakidwa utoto, chokhala ndi chenjezo patsogolo pake. Chitunda chomangidwa mwachisawawa ndi anthu okwiya, chopanda utoto, chimagwetsa a njinga zamoto usiku. Mizere yoyera yowolokera imathandiza kwambiri ikajambulidwa pamwamba pa chitunda chotakata, chifukwa dalaivala amakhala wachepetsa kale liwiro.

Ku Dar es Salaam, m'dziko la Tanzania, bungwe la Amend linayesa njira imeneyi pa sukulu za pulayimale. Linaika zitunda, mizere yowolokera, tinjira ta oyenda pansi ndi zikwangwani, ndipo pena linasuntha chipata kuti ana asamatulukire pa msewu waukulu. Kafukufuku anapeza kuti ana ovulala anachepa ndi 26 pa 100 alionse, ndipo ntchitoyi inalandira mphotho ya maiko mu 2019. Zomwe zinateteza ana a pulayimale zingatetezenso akuluakulu a ku yunivesite.

Woyenda pansi nayenso ali ndi mbali yake. M'dziko muno galimoto zimayenda kumanzere, choncho pomwe palibe kanjira kapadera, munthu aziyenda kumanja kwa msewu kuti aziona galimoto ikubwera. Usiku chovala chowala chimaoneka patali kuposa chakuda. Wokwera njinga yamoto, ngakhale ulendo ukhale waufupi, afunse chisoti. Mutu ulibe sipeya.

Mkati mwa mpanda

Malo a yunivesite, omwe amatchedwa campus, amakhala aakulu. Makalasi amakhala uku, nyumba ya mabuku uko, malo ogona ndi minda yophunzirira kutali. Chizolowezi cha omanga m'maiko ambiri n'kuyamba ndi msewu wa galimoto ndi malo oimikapo, pamene eni galimoto ndi ochepa. Ochuluka amafika wapansi, pa njinga kapena pa chapa. Ndalama ikakhala yochepa, nzeru ndi kuyamba ndi ochulukawo.

Kudziwa pomwe kanjira kayenera kudutsa sikufuna katswiri wochokera kunja. Mapazi amalemba okha. Pomwe udzu wafa chifukwa chopondedwa, ndi pomwe anthu akufuna kudutsa. Kanjira komangidwa kwina, kozungulira, anthu amakasiya n'kupitiriza kudula pa matope.

Timiyala ta simenti totchedwa pavê, tomwe tikuoneka m'misewu ya matauni ambiri a dziko lino, n'toyenera pa ntchito yotere. Tingaumbidwe pamalo pomwepo, timayalidwa ndi manja popanda makina aakulu, ndipo paipi ikaphulika pansi timazulidwa n'kubwezeretsedwa. Ntchitoyi imapatsanso ganyu achinyamata a m'midzi yozungulira. Kanjirako kakhale kokwera pang'ono kuposa nthaka, kotakata moti anthu awiri n'kupatukirana, ndipo kakhale ndi kotayira madzi.

Mthunzi ndi mbali ya njira. Ku Tete mtengo wa nimu umapirira dzuwa ndi chilala, ndipo umakula msanga. Ku Angónia mitengo yambiri imamera bwino. Mbande zimafuna kuthiriridwa ndi kutchingiridwa ku mbuzi zaka ziwiri zoyambirira, ndipo apa ndi pomwe ntchito zambiri zobzala mitengo zimafera. Sukulu yophunzitsa ulimi ili ndi manja ndi nzeru zofesera mbande zake, ngakhalenso zogawira tauni yonse.

Kenaka nyale. Damu la Cahora Bassa, lomwe lili m'chigawo chomwe chino, lili ndi mphamvu yopanga magetsi okwana mamegawati 2,075. Koma kwa mtsikana wotuluka m'kalasi usiku, chofunika ndi babu limodzi loyaka pa paraje ndi ena m'njira yopita ku chipinda chake. Nyale zoyendera dzuwa sizifuna mawaya ndipo zimayakabe magetsi akazima. Zimafuna kuikidwa pamwamba, kutetezedwa kwa akuba, ndi kusinthidwa batire ikatha. Tchire la m'mbali mwa njira lizisengedwa. Makolo ena amakaniza ana aakazi maphunziro a usiku chifukwa cha mdima wa m'njira. Nyale ikayaka, chifukwa chimenecho chimachepa mphamvu.

Njinga ndi galimoto ya anthu a m'malire kuyambira kale. Munthu woyenda pansi amatha ola lathunthu pa makilomita 5, pamene wa njinga amatha mphindi 20 kapena 25, osalipira kanthu. Chomwe chimagwetsa ulesi ophunzira ndi kuba. Shedi ya malata pafupi ndi mlonda, yokhala ndi zitsulo zomangirirapo, imatenga malo ochepa: pomwe paima galimoto imodzi pangakwane njinga 8 kapena 10. Mzinda wa Quelimane, m'chigawo cha Zambézia, umadziwika m'dziko lonse ndi njinga zonyamula anthu, ndipo Manuel de Araújo, yemwe anasankhidwa koyamba kukhala mkulu wa mzindawo mu 2011, anatchuka ndi kuyenda pa njinga. Kupalasa si chizindikiro cha umphawi.

Pomaliza, olumala. Nkhondo ndi mabomba okwirira pansi zinasiya anthu ambiri oyenda ndi ndodo, ndipo dziko lino linalengezedwa kuti lathana ndi mabomba odziwika mu 2015. Ena analumala ndi poliyo kapena ngozi. Lamulo la boma nambala 53 la 2008 limafuna kuti nyumba ndi malo ogwiritsidwa ntchito ndi anthu onse zikhale zofikirika kwa olumala. Sitepe imodzi pakhomo la kalasi, kapena ngalande yosavindikira, ndi yokwanira kubweza wophunzira wa pa njinga ya olumala yemwe anakhoza mayeso ofanana ndi anzake.

Udindo ndi wa yani?

Madandaulo ambiri amafera m'njira chifukwa amapita ku ofesi yolakwika. Mkati mwa mpanda, udindo ndi wa akuluakulu a yunivesite. Misewu ya m'tauni, ngalande, maparaje ndi zilolezo za machapa a m'tauni zili m'manja mwa khonsolo ya munisipiyo. Tete ndi Moatize zakhala ndi makhonsolo awo kuyambira 1998, ndipo Ulónguè inalowa m'gululi mu 2008. Misewu ikuluikulu monga N7 ndi N304 ili pansi pa bungwe la misewu la ANE, ndipo wofuna chitunda pa msewu wotere ayenera kupempha kumeneko. Kugwira othamanga ndi odzaza mopyola ndi ntchito ya apolisi a pamsewu.

Vuto n'loti njira ya wophunzira mmodzi imadutsa m'manja mwa onsewa. Imayambira pa kanjira ka m'dera, imadutsa msewu wa ANE, imafika pa paraje ya khonsolo, n'kukathera pa khomo la kalasi. Aliyense akakonza mbali yake osaona ya mnzake, pamatsala mpata, ndipo ngozi imachitikira pa mpatapo. Mutu umodzi susenza denga.

Bungwe la ophunzira lingayambitse zokambirana popanda kudikira. Sabata imodzi yowerenga anthu olowa pa chipata, wapansi angati, pa njinga angati, pa chapa angati, ndi kulemba malo omwe anthu agundidwapo kapena kulandidwa katundu, imapereka pepala lomwe ofesi iliyonse ingavutike kulikana. Mafumu ndi alembi a madera ozungulira akhale nawo pa msonkhano, chifukwa anthu awo ndi omwe amachititsa lendi, amagulitsa pa chipata, ndipo ana awo amawoloka msewu womwewo.

Kholo lifunse lisanalipire

Pamene akuluakulu akukambirana, kholo lomwe likutumiza mwana chaka chino lili ndi zomwe lingachite lokha. Safunsa anadya phula.

Lisanalipire lendi, liyende wapansi ndi mwanayo kuchoka pa chipindacho kukafika pa chipata cha sukulu, n'kuona kuti patenga mphindi zingati. Lifunse anthu oyandikana nawo momwe njirayo imakhalira mvula ikagwa, ndiponso ngati pali khwawa lomwe limadzaza. Lione ngati mwanayo aziwoloka msewu wa malole, ndipo aziwolokera pati. Lifunse kuti chapa chomaliza chimadutsa nthawi yanji, ndipo mwana akachiphonya abwera bwanji. Likaoneko njirayo dzuwa litalowa, osati masana okha.

Kenaka liphatikize lendi ndi ndalama yokwerera ya mwezi wonse, n'kuyerekeza ndi chipinda chapafupi. Liganizirenso za njinga yomwe ili kumudzi. Mwina kuikonza n'kuikweza pa galimoto kungapulumutse ndalama yokwana thumba la feteleza. Ana ochokera mudzi umodzi kapena mpingo umodzi akagona dera limodzi, amayenda limodzi usiku ndipo amadziwa msanga mnzawo akasowa.

Maphunziro a digiri amatenga zaka zinayi, ndipo a udokotala zisanu ndi chimodzi. M'zaka zinayi zokha, mwana adzayenda njira imeneyo maulendo oposa 1,000. Ndi bwino kholo liidziwe lisanakwere galimoto yobwerera kumudzi.